Madzi a Mwana wa Mayi Sunee

Tiyamike ndi Dalitso, ana anga, mwakhala mukundifunsa chimene chidanditsitsa pa mpando wa amayi a mpingo wathu wa ku Peckham, mpando umene ndidaukhala zaka zambiri popanda wondiloza chala. Ndinkakuyankhani kuti ndi ukalamba. Sudali ukalamba ayi. Popeza tsopano ndidapuma ntchito, ndipo masiku ndili nawo ochuluka kuposa mphamvu, ndati ndilembe nkhaniyi monga idayendera, kuti musadzaimve kwa anthu ena ine nditagona.

Ku Dedza, ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri

Ntchito yanga yoyamba idali ya uzamba pa chipatala cha mishoni cha kumapiri a ku Dedza, kumene mwezi wa Juni madzi a pampopi ankaluma zala. Wotiyang'anira adali Sisita Nyirenda, mayi wamtali wosaseka chisawawa, amene ankayendera wodi wotchi ili m'manja ngati akudikira kuti wina alakwe. Zipangizo zinkapereŵera chaka chonse. Magolovesi tinkawachapa, kuwaphitsa, n'kuwayanika pa chingwe kuseri kwa wodi, ndipo obooka tinkawamata ndi zidutswa za anzawo monga amamatira chubu cha njinga. M'sabata yanga yachiŵiri kudabwera mayi wina wodwala matenda a uchembere, m'khosi ndi m'chiuno atamanga zithumwa. Ine mwana wa sukulu ya mishoni, amene ndidaloŵeza katekisimu ndisanadziŵe kupeta mphale, ndidatenga sizasi kuti ndizidule. Sisita adandigwira mkono. "Kodi mwabwera kudzachiritsa mayiyu kapena kudzalalikira?" Ndidati, "Sisita, izitu n'zamdima." Iwo adati, "Mlaliki ali ku tchalitchi uko, ndipo ntchito yake amaidziŵa. Inu gwirani mwendo." Ndidagwira mwendo, mwana adabadwa, koma mumtima sindidavomere. Zaka zonse zimene ndidagwira uzamba ndinkayang'ana kumbali ndikaona chithumwa, ndipo ndinkadziŵerenga kuti ndine munthu wolimba pa chikhulupiriro.

Ku Woolwich, bambo anu atamwalira

Za imfa ya bambo anu ndidalemba kale. Ndidafika ku London ndili ndi imvi zoyamba, inu nditakusiyani kwa azakhali anu ku Lilongwe, ndipo ndidapeza kuti mapepala anga a uzamba kuno ndi mapepala chabe. Walira mvula walira matope. Ndidaloŵa ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Woolwich. Kwathu chinkasoŵa ndi magolovesi, manja alipo ambiri. Kuno magolovesi adali odzaza makatoni, koma manja oti awavale ndiwo kudalibe. Tinkakhala aŵiri khonde lonse, mabelu akulira mbali zonse, ndipo bwana wathu, mayi wa ulemu wake koma wokonda mapepala, adatipimira ndi mphindi zomwe zosambitsira munthu. Nkhalamba ina itandiuza kuti ndichepetse liŵiro chifukwa siili galimoto yotsukidwa, ndidapita m'chimbudzi kukalira.

Chimene chidandisunga ndi mpingo. Tinkasonkhana m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ku Peckham, Amalaŵi ndi anzathu obadwira ku Zimbabwe amene makolo awo adachokera kwathu. Mmodzi wa iwo adali Anaphiri, wobadwira pa famu ya fodya, wogwira ntchito yonga yanga, mayi wa pakamwa pakuthwa amene adali wachangu kwambiri pa za Mulungu. Ndiye adandilandira, ndiye adandiphunzitsa kukwera sitima popanda kusochera, ndiyenso adatchula dzina langa tsiku limene amayi adandisankha kukhala wapampando.

Ku Wembley, ntchito yanga yotsiriza

Msana utayamba kukana kunyamula anthu ambiri, ndidapeza ntchito yosamalira munthu mmodzi kunyumba kwake ku Wembley. Dzina lake Mayi Sunee, wa ku Thailand, wamasiye wa Mngelezi, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu. Sitiroko idawapha mbali yonse ya kumanja, dzanja lamanzere linkanjenjemera, koma mutu udali wakuthwa ngati lumo. Wondilemba ntchito adali mwana wawo mmodzi yekhayo, Daniel, bambo wamkulu kale wa dazi lake. M'chipinda chochezera mudali shelefu ya pamwamba yokhala ndi kafano ka golide ka Buda, ndi maluŵa, ndi lubani. Tsiku loyamba lomwelo ndidamuuza Daniel kuti nyumba yonse ndidzapukuta koma shelefu imeneyo ayi. Mayi Sunee adamva, naseka ndi theka la pakamwa limene linkagwira ntchito. "Msiye, Esi. Iyeyo fumbi salidandaula. Ine ndiye ndimadandaula." Dzina langa la Esinati lidawakanika, ndipo ndidakhala Esi zaka zitatu.

M'chaka chachitatu madokotala adanena kuti mtima wawo watopa. Mayi Sunee adati akufuna kukaona Bangkok kotsiriza. Daniel adakonza ulendo wa sabata imodzi, nalemba pa pepala nyumba zosungiramo zakale, nyumba zoonetsera zojambula ndi akachisi oti tikaone tsiku ndi tsiku, ndipo adandipempha kuti ndipite nawo. Nditanena nkhaniyi pa msonkhano wa amayi Loŵeruka, Anaphiri adaimirira. "Anabanda, holide sitikukanizani. Koma kumeneko ndamva kuti mafano ali pa ngodya iliyonse ngati ma bus stop. Inu ndinu apampando, mukaterereka inu taterereka tonse. Lonjezani pamaso pathu pano kuti simukagwada, ndipo dzanja lanu silikapereka kanthu." Ndikadayankha modzichepetsa, mwina zikadakhala bwino. Koma ndidayankha mokweza mapewa. "Bondo langa lidadziŵa Mmodzi yekha kuyambira ndili namwali. Ndikawakankha pa chikuku chawo cha olumala mpaka pakhomo pa kachisi, ntchito yanga yathera pomwepo." Amayi adalulutira, nandiimbira nyimbo, nandisanjika manja. Akulu adati linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Ku Bangkok, masiku atatu oyamba

Titatuluka m'bwalo la ndege, kutentha kudandimenya kumaso ngati kwa ku Nsanje mwezi wa Okutobala dzuŵa lili paliwombo. Koma chimene chidandiumitsa pakamwa si kutentha. Pakhomo pa hotela yathu, pakhomo pa banki, ngakhale pa malo omwetsera mafuta, padali tinyumba tating'ono tokhazikidwa pa mzati, topakidwa utoto wokongola, ndipo patsogolo pake nthochi, nkhata za maluŵa ndi mabotolo a chakumwa chofiira otsekula kale, kapaipi komwera kali momwemo. Mayi Sunee adati ndi nyumba za mizimu ya pamalopo. Ndidaona bambo wovala suti ndi tayi, chikwama m'khwapa, ataima, naphatikiza manja, naŵerama, kenaka n'kuthamangira sitima yoyenda pamwamba pa misewu. Agogo anga aamuna ankasimba monyadira kuti pobatizidwa adatentha ndi manja awo kachisi wa mizimu wa m'mudzi mwathu, ndipo ife tidaphunzitsidwa kuti zinthu zotere zimatha sukulu ikafika. Kuno sukulu idafika, magetsi adafika, nyumba zosanja zidakwera mpaka kubisa thambo, koma mizimu ikumwabe chakumwa ndi kapaipi masana poyera.

Ku nyumba yaikulu yosungiramo zakale adatiloŵetsa m'chinyumba chokhala ndi ngolo zagolide zazitali ngati nyumba yosanja, zosemedwa mwaluso moti maso ankatopa. Ndidayamikira mokweza, ndikuyesa n'zaukwati. Daniel adaŵerenga chikwangwani nati ndi ngolo zonyamulira maliro a mafumu. Ndidabwerera m'mbuyo ndi chikuku chomwe. Kwathu chithatha chonyamulira maliro amachiphwanya kumanda komweko, palibe angayerekeze kubwera nacho kumudzi. Kuno adachimangira nyumba, ana a sukulu akudzijambulitsa pambali pake. Ku nyumba ya zojambula, mmaŵa mwake, tidaloŵa m'chipinda chimene zithunzi zake zonse zidali za anthu osavala, zazikulu kuyambira pansi mpaka kudenga. Ndidakankha chikuku maso ali pansi, mpaka ndidagunda benchi. Mayi Sunee adaseka mpaka kutsokomola. "Esi, iwe wasambitsa anthu amaliseche ambiri kuposa amene wojambulayu adawaonapo. Ukuopa utoto?"

Pa akachisi ndidasunga lonjezo langa bwino lomwe. Ndinkakankha mpaka pakhomo, Daniel n'kulandira chikuku, ine n'kutsala panja ndikulondera nsapato, pakuti kumeneko munthu saloŵa ndi nsapato. Pa kachisi wina ndidasuzumira pazenera, ndipo chimene ndidayamba kuchiyesa khoma lagolide chidali tsaya la fano logona chammbali, lalitali moti mutu ndi mapazi sungazione nthaŵi imodzi. Ndidabwerera ku nsapato zanga ndikunena pemphero, ndipo madzulo ake ndidatumizira Anaphiri uthenga pa foni kuti zonse zili bwino, bondo lili chilili.

Tsiku lachinayi

Pa pepala la Daniel tsikuli lidali la kukwera bwato. Mayi Sunee adakana, nati akufuna kupita ku chipatala china chachikulu cha kutsidya kwa mtsinje, kumene kuli zipinda zoonetsera zinthu za udokotala. Daniel adadandaula kuti zimenezo n'zonyansa, koma mayi ake sadasinthe. Pa chipata adandituma kuti ndiwagulire masiwiti, kachidole ka pulasitiki ndi botolo la chakumwa chofiira chija. Ndidagula, ndikuganiza kuti kuli mwana wa mbale wawo amene wagonekedwa.

Zipinda zoyamba zidali za mafupa ndi ziŵalo zam'kati zosungidwa m'mankhwala. Zimenezo sizidandivute, ndine munthu wa chipatala. Koma titakhota, tidaloŵa m'chipinda cha makanda. Ana anga, ndidabadwitsa ana osaŵerengeka, amoyo ndi akufa, koma chotere ndidali ndisanachione. Makanda enieni, athunthu, aliyense m'botolo lake lalikulu lagalasi, akuyandama m'madzi achikasu, ena amapasa ogwirana pachifuwa, ena a zilema zimene ndidangoziŵerenga m'mabuku. Ndipo patsinde pa botolo lililonse padali milu ya masiwiti, timagalimoto, tizidole, timaluŵa, zosiyidwa ndi alendo. Ndidafuna kutembenuza chikuku, koma Mayi Sunee adati, "Kumanzere, Esi. Pitirira. Pitirirabe. Ima." Tidaima pa botolo la kamtsikana ka mutu wotupa ndi madzi, maso otseka, timanja tofumbata pansi pa chibwano. Adandiuza kuti ndiike masiwiti ndi chidole m'dzanja lawo lamanzere, ndipo adaziponya okha pa muluwo, zina zikugwera pansi. Adayankhula ndi kamwanako m'chinenero chawo kwa nthaŵi, ndi liwu limene ndidali ndisanalimvepo kwa iwo. Kenaka adati, "Daniel, bwera kuno. Pereka moni kwa mlongo wako. Ndi mkulu wako ameneyu. Dzina lake Nok."

Daniel adaseka pang'ono, nandiyang'ana ine. "Esi, mankhwala ammaŵa amwa?" Ndidati amwa. Ndidali nditaona odwala ambiri osokonezeka mutu, ndipo ndidadziŵa kuti mayi aja sadasokonezeke. Adafotokoza mosathamanga, maso ali pa botolo. Ali mtsikana ankachapa zovala pa chipatala chomwecho. Adatenga pakati, mwamuna adathaŵa, mwana adabadwa wakufa. Dokotala adawapempha mwaulemu kuti mwanayo atsale aziphunzirirapo ophunzira udokotala, ndipo mayi awo adavomera, nati kwawoko munthu wopereka thupi lake motero amatchedwa mphunzitsi wamkulu. Chaka ndi chaka ankabwera kudzamuona, mpaka adakwatiwa ndi bambo ake a Daniel n'kupita ku London. Mwamuna wawo sadamuuzepo. Daniel nkhope idachita phulusa. "Bambo adamwalira osadziŵa? Ine ndakula ndikuti ndili ndekha, inu mukudziŵa kuti muli ndi mwana mu... mu botolo?" Adatuluka, ndipo tidamva nsapato zake zikutsika masitepe.

Ine ndidatsala nditagwira chikuku. Mawu adatuluka okha. "Mayi, bwanji simudamuike m'manda mwanayu?" Adatembenuza mutu pang'onopang'ono. "Akadaikidwa m'manda, lero ndikadamuona kuti? Ndipo taona, zaka zonsezi wakhala akuphunzitsa madokotala. Sukulu wapita nayo patali kuposa Daniel." Sindidaseke. Ndinkakumbukira za kwathu. Mwana wobadwa wakufa timamutcha mtayo. Salira maliro, sapatsidwa dzina, amuna sapitako; amayi achikulire amamukulunga m'kansalu, n'kukamukwirira m'dzenje losaya, ndipo mayi wake amauzidwa kuti asagwetse msozi angatseke mimba. Ine ndemwe ndinkawapatsira amayi achikulire aja timitolo timeneto pakhomo la kuseri kwa wodi, ndemwe ndinkaŵerama pa bedi n'kunena kuti, "Musalire mayi, mudzabereka wina." Sindidziŵa chimene chidandiopsa kwambiri tsiku limenelo: mwana wosaikidwa m'manda zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, kapena mayi amene akutha kumutchula dzina n'kumupatsa siwiti.

Tsiku lachisanu

Mmaŵa Daniel adakana kutuluka m'chipinda chake. Adayankhira kuseri kwa chitseko kuti mayi ake apite kumene afuna. Tidakwera takisi aŵiriŵiri kupita ku kachisi wamng'ono wa m'mbali mwa ngalande, kudera kumene Mayi Sunee adakulira. Kudalibe alendo ojambula zithunzi, kudali agalu ogona pamthunzi ndi mayi mmodzi wosesa. Ndidakankha mpaka pakhomo pa chipinda chopanda makoma m'mbali, m'mene wansembe wokalamba wa nsalu yachikasu adakhala pa nsanja, kumbuyo kwake fano lagolide. Pamenepo ndidaima, n'kumanga mabuleki.

"Loŵa, Esi."

"Mayi, mukudziŵa kuti ine ndimathera pakhomo. Ndidalonjeza kwa anzanga a mpingo."

Mayi wosesa uja adasiya tsache, nakankha chikuku kuloŵa nacho, ine ndikuonerera ndili panja. Adabweretsa kabotolo ka mkuwa ka madzi ndi kambale kake. Mwambo wake Mayi Sunee adali atandifotokozera m'takisi. Wansembe akayamba kupemphera, wofedwa amathira madziwo m'kambale pang'onopang'ono, akuganizira womwalira wake, ndipo madzi ayenera kutsika ngati chingwe chimodzi, osadukiza, kufikira pemphero litatha. Amati motero zabwino zimene munthu wachita zimamufika wakufayo. Mayi Sunee adatenga kabotolo ndi dzanja lamanzere. Wansembe asanatsirize mzere woyamba, dzanja lidagwedezeka, madzi adakhuthukira pa siketi, kabotolo kadagubuduzika pansi. Wansembe adaleka, nadikira. Mayi wosesa adakadzazanso, ndipo zidachitikanso chimodzimodzi. Pamenepo mayi wosesayo adagwada, natambasula manja kuti awathirire. Mayi Sunee adapukusa mutu, nandiitana osatembenuka.

"Esi, mayi uyu ndi wabwino, koma mwana wanga samudziŵa. Padziko lonse amene adamuona Nok akudziŵa kuti ndi wanga tilipo atatu. Mmodzi wadzitsekera ku hotela. Mmodzi ndi ine, dzanja ndi ili ukuliona. Wachitatu ndiwe. Sindidzabweranso kuno, Esi, iwenso ukudziŵa zimene adanena madokotala. Sindikuti upembedze. Ndikubwereka dzanja."

Ndikadakonda kukuuzani kuti ndidamva liwu londitsogolera, kapena kuti ndidapeza vesi londimasula. Sindidamve kanthu. Ndinkaona nkhope za amayi a ku Peckham mmodzimmodzi, manja awo ali pamutu panga, ndi uthenga uja ndidatumizira Anaphiri. Ndinkadziŵa bwino lomwe kuti ndikadutsa pakhomopo mpando wapita, ndipo mwina ndi zoposa mpando. Ndinkaonanso msana wa mayi amene ndidamusambitsa zaka zitatu, wopindika m'chikuku, siketi itanyowa ngati ya mwana, akudikira. Ndidavula nsapato. M'katimo munthu saimirira mutu kupitirira wansembe, choncho ndidagwada pa mphasa, maondo onse aŵiri, fano lili patsogolo panga. Mayi wosesa adandikonzera mapazi kuti asaloze kutsogolo. Mayi Sunee adaika dzanja lawo lonjenjemera pa chigongono changa, pakuti amati wogwira chigongono cha wothira wathira naye. Wansembe adayambanso. Ndidathira. Sindidapemphere kwa fano, koma sindidapempherenso kwa Mulungu wanga. Nzeru zanga zonse zidali pa chingwe cha madzi chija kuti chisaduke, pamene dzanja la mayi aja linkagwedeza mkono wanga ngati nthambi pamphepo. Sichidaduke. Pemphero litatha adandiuza kuti ndikakhuthule madziwo patsinde pa mtengo waukulu wa pabwalo. Ndidakhuthula, kenaka ndidagwira mtengowo, ndipo ndidasanza.

Mayi Sunee sadandithokoze ndi mawu ambiri. M'takisi adangoti, "Dzanja lako ndi lokhazikika, mzamba." Tsiku lotsiriza Daniel adasoŵa mmaŵa wonse, ndipo pobwera adali ndi kapepala koloŵera ku chipatala chija m'thumba la malaya. Palibe adamufunsa. Mayi ake adamwalira ku Wembley miyezi inayi pambuyo pake, ine ndili pambali, ndipo imeneyo ndiyo idali ntchito yanga yotsiriza.

Ku Peckham, Loŵeruka loyamba nditabwerako

Padalibe chithunzi, padalibe mboni ya chinenero chathu. Ndikadatha kugaŵa mipango imene ndidawagulira amayi n'kukhala chete. Koma tisanatsekule msonkhano Anaphiri adati moseka, "Tiuzeni apampando, bondo mwabwera nalo loyera?" Ndidaimirira n'kusimba zonse monga ndalembera pano. Pa nkhani ya mabotolo amayi ena adagwira pakamwa, wina adati, "Yesu wanga!" Nditafika pa kugwada, Anaphiri adaimirira.

"Mudagwada?" adafunsa Anaphiri.

"Ndidagwada."

"Pamaso pa fano?"

"Lidali patsogolo panga."

"Ndi manja omwewo amene mumatigaŵira nawo mawu Loŵeruka lililonse? Anabanda, mapanga aŵiri avumbwitsa. Chabwino, munthu amagwa. Lapani pano, tikupempherereni, nkhani ithe, isakafike kwa abusa."

Adandipatsa khomo lotulukira, ndipo adandipatsa mwachikondi. Ndidati, "Lonjezo ndidaliswa, ndipo ndidalonjeza modzikuza. Pa zimenezo ndikupepesa kwa Mulungu ndi kwa inu nonse. Koma za madziwo, ndikati ndikulapa ndikhala ndikunama. Atandipemphanso mayi aja, ndikhoza kuthiranso." Phokoso lidabuka. Wina adati ndalodzedwa, wina adati ndi kutentha kwa kumeneko. Anaphiri adakweza dzanja, nati munthu wonena choncho sangatsogolere amayi a mpingo, ndipo palibe adatsutsa, ngakhale ine. Ndidapereka buku la maina ndi kiyi wa kabati, n'kukakhala pa benchi ya kumbuyo. Tsiku lomwelo adasankha Anaphiri. Mpaka lero ndimakhala pa benchi imeneyo, ndipo mpaka lero sindidziŵa ngati ndidachimwa. Mlandu umenewo ndidausiya kwa Mwini wake.

Titaŵeruka ndidakaima pa siteji ya basi, mvula yowaza ikugwa. Anaphiri adabwera, naima pambali panga osandiyang'ana. Basi yawo idafika, anthu adakwera, iwo osasuntha. Itachoka adayankhula, maso ali pa msewu.

"Mwanayo. Nkhope ikuoneka?"

"Ikuoneka. Ndi nsidze zomwe."

Adakonza mpango umene sudasokonekere.

"Wanga adali wamwamuna. Pa famu paja, ndisanakwatiwe ndi bambo a kwathuŵa. Adangondiuza kuti ndi wamwamuna. Azakhali adandiphimba kumaso ndi chitenje mpaka atatuluka naye. Koma mpando sindikubwezerani, Anabanda. Mudalakwa."

"Sindidaupemphe, Anaphiri."

"Ndikungonena." Basi ina idatulukira pa ngodya. Adatsegula chikwama kufunafuna khadi, ndipo ali choŵeramira m'chikwamamo adafunsa motsitsa mawu, "Inu azamba mumawaona. Akabadwa choncho, miyezi itakwana, amakhala ndi tsitsi?"

Ndidati, "Ambiri amakhala nalo."

Adagwedeza mutu. "Bambo ake adali ndi tsitsi lambiri," adatero, nakwera basi.